Liwu Lakuti “Preparedness”: Phunziro la Mipingo Yathu ya ku Kafue

Kowerenga: Genesis 41:25-36; Machitidwe 11:27-30; 2 Akorinto 9:1-5



Chiyambire chilala cha 2024, aliyense amene wakhalapo pa msonkhano wa za chithandizo, kaya wa boma kaya wa mpingo, walimva liwu la Chingerezi lakuti “preparedness”. Lili pa mapepala, pa zikwangwani ndi pa wailesi. Womasulira akafika pa liwuli amangoti “kukonzeka”, anthu n'kugwedeza mitu, msonkhano n'kupitirira. Ife tikuona kuti kumasulira kumeneku n'koperewera, ndipo chimene chikutsalira m'kumasulirako ndicho chimene chimagonetsa banja ndi njala mwezi wa Febuluwale. Ndicho chifukwa chake taika phunziro lathunthu pa liwu limodzi. Amene sadziwa Chingerezi asade nkhawa. Adzaona kuti chinenero chathu chimaifotokoza nkhaniyi bwino koposa.

MAWU AWIRI AMENE TIMAWASAKANIZA

M'Chingerezi muli mawu awiri oyandikana, “ready” ndi “prepared”. Onse awiri timawamasulira kuti “wokonzeka”, koma sagwira ntchito imodzi nthawi zonse.

Tiyambe ndi “ready”, poti ndilo ambiri tinalimva tili ana. Mphunzitsi asanayambitse mpikisano wa liwiro amafuula “ready”, ana n'kuwerama kudikira wezulo. Mayi akati “food is ready” ndiye kuti nsima yapsa, sambani m'manja. Munthu akati “I am ready to help” sakunena kuti ali ndi thumba la ufa pakhomo ayi. Akungoti mtima wake walola. Ndipo mukamva kuti “the wall is ready to fall”, ndiye kuti chipupa chatsala pang'ono kugwa, ngakhale palibe amene anachikonzera tsiku. Liwu limodzi lomweli likunena za nsima yakupsa, za mtima wolola ndi za chinthu chotsala pang'ono kuchitika. Monsemo “ready” amayang'ana nthawi ino yokha. Safunsa zimene munachita dzulo.

“Prepared” ndi wina. Anachokera ku Chilatini, ku mawu awiri ophatikizana: “prae”, kutanthauza nthawi isanafike, ndi “parare”, kutanthauza kukonza. Choncho m'kati mwa liwuli muli ntchito imene inachitika kale. Alangizi a zaulimi akamati “land preparation” amanena ntchito ya m'munda mvula isanagwe. Ana a sukulu zogonera konko amapita ku “prep” madzulo aliwonse, mayeso akali kutali miyezi yambiri. Mwana amene ankazemba “prep” chaka chonse akhoza kufika tsiku la mayeso atasamba, yunifomu yochapa, cholembera ndi rula m'manja. Ameneyo ali “ready”. Koma sali “prepared”, ndipo pepala likatsegulidwa zimadziwika.

Pali msampha umodzi umene makomiti athu ayenera kuudziwa. Liwu lakuti “prepared” likatsatidwa ndi kaliwu kakuti “to”, limabwerera ku tanthauzo la mtima wolola. “We are prepared to help” ndiko kuti tavomera kuthandiza. “I am not prepared to pay” sikuti munthuyo alibe ndalama, akungokana. Koma likatsatidwa ndi “for”, monga “prepared for drought”, pamenepo likunena za zinthu zogwirika: mbewu, chakudya, ndalama, madzi. Mukalandira kalata yakuti bungwe lakutilakuti lili “prepared to assist”, thokozani, koma musawerengere chimanga chimenecho ngati chalowa kale m'nkhokwe.

Kachidutswa kakumapeto kakuti “ness” kamangosandutsa liwu kukhala dzina la mkhalidwe. “Preparedness” ndi mkhalidwe wa banja, mpingo kapena dziko limene linagwiriratu ntchito yake vuto lisanafike.

CHINENERO CHATHU CHILI NALO YANKHO

Tsinde lathu ndi “kukonza”. Timakonza njinga, timakonza nsomba zochokera ku Chanyanya tisanaphike, timakonza ukwati. Tikaonjezera pang'ono timapeza “kukonzeka”, ndipo ameneyu ndi mnzake wa “ready”: alendo akonzeka, kwaya yakonzeka. Tikaonjezeranso timapeza “kukonzekera”. Liwu ili silingaime lokha. Mukati “tikukonzekera”, womva adzafunsa msanga kuti, mukukonzekera chiyani? Limatikakamiza kutchula dzina la chimene chikubwera.

Koma chuma chenicheni chili pa kachidutswa kakuti “ratu”. Kulimiratu, kuguliratu, kusungiratu, kuneneratu, kudziwiratu. Kachidutswa kameneka kamanena zinthu ziwiri pamodzi: kuti chinthu chachitika nthawi isanakwane, ndiponso kuti chachitika chonse, osasiya mbali. Munthu amene waguliratu feteleza sali pa mzere mwezi wa Disembala. Chingerezi chinachita kukabwereka “prae” ku Chilatini, pamene ife tinali naye kale “ratu” wathu pakhomo. Tikupempha omasulira ndi alaliki athu kuti akamva “preparedness” azinena kuti “kukonzekeratu”. Ndi liwu lalitali, lolemera pakamwa, koma silinamiza munthu.

AKORINTO ANALI OLOLA

Kusiyana kumeneku sikwachilendo m'Baibulo. Werengani 2 Akorinto 9:1-5. Kunali chopereka chothandiza Akhristu osauka a ku Yerusalemu. Paulo anali atawatama Akorinto pamaso pa anthu a ku Makedoniya kuti iwo anali okonzeka chiyambire chaka chatha. Komabe Paulo yemweyo akutumiza abale kuti atsogole, akasonkhanitsiretu mphatsoyo. Chifukwa chiyani, ngati anali okonzeka? Chifukwa chimene chinali chokonzeka ku Korinto chinali mtima, osati thumba. Paulo ankaopa manyazi, kuti angafike ndi alendo a ku Makedoniya n'kupeza lonjezo lokhalokha. M'kalata yoyamba, mutu 16, anali atawapatsa kale njira: aliyense azipatula kanthu tsiku loyamba la sabata iliyonse monga mwa kupeza kwake, kuti pasadzakhale kuthamangathamanga iye atafika. Mtumwi sanawadzudzule kuti ndi oumira. Anangodziwa kuti mtima wolola wopanda dongosolo umafika tsiku lake uli chimanjamanja.

Mpingo wa ku Antiokeya unachita bwino koposa. Pa Machitidwe 11 mneneri Agabo ananeneratu za njala yaikulu, ndipo njalayo inadzafikadi m'masiku a Klaudio, amene analamulira Roma kuyambira chaka cha 41 mpaka 54. Ophunzira sanakhale pansi kukangana ngati mawuwo adzachitikadi. Anatsimikiza mtima kuti yense apereke monga anakhoza, natumiza thandizolo kwa akulu a ku Yudeya ndi dzanja la Barnaba ndi Saulo. Pakati pa chenjezo ndi njala panali mpata, ndipo iwo anaugwiritsa ntchito.

KODI CHAKUDZA SICHIIMBA NG'OMA?

Makolo anati chakudza sichiimba ng'oma. Pa imfa ndi pa ngozi ya pamsewu mwambiwu ndi woona. Pa chilala sitingaubisalirenso, pakuti masiku ano chilala chimaimba ng'oma, ndipo chimaimba mokweza.

Mwezi wa Julayi 2023, bungwe loona za nyengo la dziko lonse linalengeza kuti El Niño wayamba. El Niño ndi kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific, kumene kawirikawiri kumachepetsa mvula kum'mwera kwa Africa. Uthengawo unafika miyezi inayi tisanabzale. Mvula inayamba, chimanga chinamera, kenaka kuyambira kumapeto kwa Januwale 2024 kunagwa ng'amba ya masabata angapo, pa nthawi imene chimanga chimamasula ngayaye ndi kufuna madzi ambiri. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo pafupifupi mahekitala 1 miliyoni a chimanga, mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa, anawonongeka. Zokolola za dziko zinatsika kufika pa matani pafupifupi 1.5 miliyoni, osakwana theka la chaka chapitacho.

Achikulire pakati pathu anaziona kale zotere. Akukumbukira 1992, chaka cha chimanga chachikasu chochokera kunja ndi ntchito zolipidwa chakudya. Chilala chinabweranso mu 1995, mu 2002, mu 2016 ndi mu 2019. Boma nalo linaphunzirapo: ofesi yoona za masoka ya DMMU inakhazikitsidwa mu 1994 pansi pa ofesi ya wachiwiri kwa Pulezidenti, ndipo lamulo la 1995 linabala bungwe losunga chakudya la FRA. Werengani zaka zimenezi ndi zala. Mwana wobadwa mu 1990 waona chilala kasanu ndi kamodzi asanafike zaka 35. Chinthu chobwera kawirikawiri chotere si mlendo wodzidzimutsa ayi.

Ife a ku Kafue tili ndi chinyengo chathu chapadera, ndicho mtsinje. Timauona tsiku ndi tsiku pa mlatho, tikudziwa kuti madzi ake amapopedwa kupita ku Lusaka, ndipo mumtima timati chilala n'cha anthu a ku Gwembe. Koma mu 2024 minda ya pamtunda inauma mtsinje ukuyenda chapafupi pomwepo. Ndiponso magetsi athu ndi madzi omwewo. Madzi atachepa ku Kariba ndi ku Itezhi-Tezhi, magetsi ankazima maola oposa 20 pa tsiku, ngakhale kuti nyumba zopangira magetsi za Kafue Gorge zili pakhomo pathu. Wowotcherera zitsulo ku Zambia Compound, wometa tsitsi ku Shikoswe, mwini chigayo, mayi wogulitsa nsomba za m'firiji, onsewa chilala chinawapeza ngakhale alibe munda. M'tauni chilala chimalowera pa waya wa magetsi ndi pa mtengo wa ufa. Banja limene linkagula thumba la makilogalamu 25 linayamba kugula pamela, ndipo aliyense akudziwa kuti wogula pamela amalipira zambiri pa ufa wochepa.

“RATU” PA MUNDA NDI PAKHOMO

Chaka chovuta pa kukonzekeratu si chaka cha njala koma chaka cha zokolola zambiri. Mu 2025 mvula inagwa bwino ndipo dziko linakolola chimanga choposa matani 3.6 miliyoni. M'chaka chotere ogula oyendayenda amafika ndi sikelo zawo mwezi wa Meyi, chimanga chisanaumitsitse, mtengo uli pansi, sukulu ikufuna ndalama. Banja limagulitsa, ndipo mwezi wa Januwale limakagula chimanga chomwecho pa meda, mtengo utakwera. Sitikuweruza munthu, pakuti fizi ya mwana ndi mankhwala a wodwala sizidikira. Koma tikupempha chinthu chimodzi: musanatsegule thumba loyamba kwa wogula, khalani pansi bambo ndi mayi, muwerengeretu. Banja lanu limadya zingati pa mwezi? Chulukitsani ndi miyezi 12, muonjezepo miyezi iwiri ya alendo ndi maliro. Chimenecho si chogulitsa. Chiumitseni bwino, chitetezeni kwa anankafumbwe ndi mankhwala ake kapena m'matumba aja osalowa mpweya, ndipo chikhale pa thandala, osati pansi.

Pa munda, chitsanzo chabwino cha “ratu” ndi maenje a ulimi wosunga chinyezi, amene bungwe la Conservation Farming Unit lakhala likuphunzitsa m'dziko muno chiyambire 1996. Dzenje lililonse limakhala masentimita 30 m'litali, 15 m'lifupi ndi 20 kuya kwake, motalikirana masentimita 70 mumzere ndi 90 pakati pa mizere. Chinsinsi chake sichili pa muyeso wokha, chili pa nthawi. Maenjewa amakumbidwa mukangokolola, nthaka isanaumitsitse, pang'onopang'ono m'mawa uliwonse, mapesi osatenthedwa. Manyowa amalowa mvula isanabwere. Mvula yobzalira ikagwa, mwini maenje amabzala tsiku lomwelo, pamene mnzake akuyamba kufunafuna ng'ombe zobwereka kapena kudikira thirakitala. Ndi ntchito yowawa msana, ndipo udzu umavuta chaka choyamba. Amene anakuuzani kuti n'zopepuka sanagwirepo khasu. Koma dzenje limasunga madzi pa mizu, ndipo pa ng'amba ya masabata awiri kapena atatu kusiyana kwake kumaoneka ndi maso.

Tisanamizane: ng'amba yonga ya 2024 inapsereza ngakhale minda ina yosamalidwa bwino. Ndicho chifukwa chake chimanga chisakhale chokha. Mapira, khobwe, chinangwa ndi kandolo zimapirira pamene chimanga chagonja. Ambiri timati chimenecho si chakudya, nsima ndi ya chimanga basi. Agogo athu sankatero, ndipo mfutso wa masamba a maungu ndi khobwe umene ankayanika mwezi wa Malichi unkawafikitsa mu Okutobala. Mbewu yocha msanga igulidwe mwezi wa Seputembala, isanathe m'sitolo.

Kwa amene alibe munda, nkhokwe yanu ndi chilimba kapena banki ya m'mudzi. Funso n'lakuti ndalama ikatuluka imapita kuti. Magulu ena amagawana mwezi wa Disembala, ndalama n'kuthera pa Khirisimasi. Bwanji osagawana pa nthawi yokolola, pamene chimanga chatsika mtengo, kuti gulu liguliretu matumba pamodzi? Amayi a Chigwirizano angathe kuyesa zimenezi popanda kudikira chilolezo cha wina aliyense.

KODI KUMENEKU SIKUCHEPA CHIKHULUPIRIRO?

Funso ili limabwera pafupifupi mumpingo uliwonse, ndipo ndi funso labwino. Ambuye Yesu anatiletsa kudera nkhawa za mawa pa Mateyu 6. Anafotokozanso pa Luka 12 za mwini chuma wopusa amene anaganiza zomanga nkhokwe zazikulu, namwalira usiku womwewo. Katekisma wa Heidelberg, pa funso 27 ndi 28, amatiphunzitsa kuti mvula ndi chilala zomwe sizibwera mwangozi, zili m'dzanja la Atate. Nanga tikasunga matumba, sitikumulanda Mulungu ntchito yake?

Tiyankhe motere. Nkhawa ndi kukonzekeratu si pachibale. Munthu wa nkhawa sagona, koma m'mawa alibe chimene wachita. Mayi amene wayanika mfutso wake amagona tulo. Mwini chuma uja sanatsutsidwe chifukwa chomanga nkhokwe. Werengani bwino ndimeyo, muwerenge kuti akudzitchula kangati iye mwini, ndipo mufunefune ngati watchulapo mnansi kapena Mulungu. Nkhokwe yake inali ya munthu mmodzi. Ndipo Mulungu amene amalamulira mvula ndi yemweyo amene anaonetsa Farao maloto zaka zisanu ndi ziwiri njala isanayambe. Chisamaliro cha Mulungu chinadzera m'chenjezo, ndiponso mwa munthu amene analimvera chenjezolo. Kunyoza chenjezo n'kumati tikukhulupirira, kumeneko ndiko kumuyesa Mulungu.

NKHOKWE YA MPINGO

Uphungu wa Yosefe kwa Farao unali wa manambala. Anati pasankhidwe munthu wanzeru, paikidwe akapitawo, ndipo pa zaka zonse za dzinthu dzambiri gawo limodzi mwa magawo asanu lisungidwe m'midzi. Onani zinthu zitatu zimene zilipo: munthu wodziwika dzina, muyeso wodziwika, malo odziwika. Pakasowa chimodzi mwa izi, zotsalazo ndi zokamba chabe. Mipingo yambiri ili ndi komiti ya chifundo imene imakumana njala itafika kale. Komiti yotere ili ngati Akorinto, mtima wabwino, thumba lopanda kanthu.

Pa nthawi ya Masika Akhristu amabweretsa chimanga, mtedza ndi maungu kutsogolo kwa tchalitchi, ndipo kawirikawiri zonse zimagulitsidwa sabata yomweyo kuti ndalama ilowe m'thumba la mpingo. Tikupempha abusa, akulu a mpingo ndi atumiki kuti akambirane zopatula gawo lina, kaya limodzi mwa asanu kaya limodzi mwa khumi, likhale chakudya chosungidwa kufikira Febuluwale. Pakhale buku lolembamo thumba lililonse lolowa ndi lotuluka, makiyi akhale kwa anthu awiri a mabanja osiyana, ndipo chiwerengero chiziwerengedwa pamaso pa mpingo. Chaka chikakhala chabwino, chakudyacho chipite kwa amasiye ndi okalamba chisanafumbwe, n'kuikamo chatsopano. Mayina a mabanja amene amayamba kuvutika alembedweretu tsopano, mitima ili m'malo. Kulemba mayina galimoto ya chithandizo itaima kale pabwalo kumabala ndewu ndi kukondera, ndipo wamanyazi amatsalira. Mayinawo asathere pa Akhristu a mpingo wathu okha. Njala sifunsa kalata ya ubatizo.

Pa Yosefe tionjezepo chenjezo limodzi. Genesis 47 akutiuza kuti njala itakula, Aigupto anagula chakudya ndi ndalama, kenaka ndi ziweto, potsiriza ndi minda yawo ndi matupi awo, zonse n'kukhala za Farao. Mbali imeneyo si yoti mpingo utsanzire. Nkhokwe ya mpingo isasanduke katapila, ndipo wolandira asagwade kwa wogawa.

Dziwaninso komiti ya za masoka ya m'dera lanu. Lamulo la 2010 linakhazikitsa makomiti otere kuyambira pa boma kufikira kumadera, ndipo ndi bwino kuti mkulu mmodzi wa mpingo azidziwana nawo mtendere ulipo. Ulosi wa mvula wa chaka umalengezedwa ndi a zanyengo mvula isanayambe. Asankhidwe munthu mmodzi woti aziumvera ndi kudzaufotokoza pa zolengeza za Lamulungu, m'chinenero chimene agogo angamve.

ZOKAMBIRANA M'MAGULU

Gawanani m'magulu a anthu osapitirira khumi, amayi, abambo ndi achinyamata mosakaniza. Gulu lililonse liyambe ndi funso ili: mu 2024, n'chiyani chinayamba kutha m'nyumba mwanu, ndipo unali mwezi wanji? Pambuyo pake aliyense atchule ntchito imodzi yokhala ndi “ratu” imene banja lake lingathe kuchita mwezi uno popanda thandizo lochokera kunja. Mlembi alembe ntchitoyo, dzina la mwini wake ndi tsiku. Pepalalo liperekedwe kwa mkulu wa dera, ndipo libwerenso pa phunziro lotsatira kuti lidzawerengedwe.